Kayikidwe ka Z-80 SoftCard mu Apple II, werengani musanatsegule makina

Choyamba zimitsani makina. Sichi ya Apple II ili kumbuyo chakumanzere mukakhala kutsogolo kwa kiyibodi, ndipo musayese kulowetsa kapena kuzula khadi iliyonse kagetsi ka POWER kakali kuyaka, mungawotche khadi pamodzi ndi bodi yaikulu ya mkati, ndiye zitsulo za mu 1980 simungazipeze ku Kamwala ayi. Onaninso zolembedwa kumbuyo pafupi ndi polowera chingwe cha magetsi. Makina amene anagulitsidwa ku America amafuna mavoti 110 mpaka 120, ife kuno malaiti athu ndi 230, so ngati yanu inachokera kumeneko pakufunika transifoma yotsitsa mphamvu musanayike pulagi pakhoma. Ikalembedwa Europlus inapangidwira ku Ulaya, imeneyo ilibe vuto ndi magetsi athu.

Khadi ya SoftCard imeneyi Microsoft inayitulutsa mu 1980 pa mtengo wa madola 349, ganizo linali la Paul Allen. Apple II ili ndi purosesa ya 6502, koma mapulogalamu ambiri a mu ofesi nthawi imeneyo monga WordStar ndi dBase II anali kuyenda pa CP/M, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta yopangidwa ndi kampani ya Digital Research, ndipo CP/M siimvana ndi 6502, imafuna purosesa ya 8080 kapena Z80. Khadi inabwera ndi Z80 ya Zilog kuti makina amodzi omwewo azigwira zonse ziwiri. Musaganize kuti mwagula kompyuta yachiwiri chifukwa khadi ilibe memore yakeyake, imabwereka ya Apple, ndipo mapurosesa awiriwa amachita kulandizana ngati anthu awiri olima ndi khasu limodzi, wina akagwira mnzake wayima. Z80 imayendetsa pulogalamu yanu, ikafuna kuwerenga diski imadzutsa 6502 kuti igwire ntchito imeneyo kenaka nkubwerera.

Memore iyenera kukwana 48K, ndi diski draivu imodzi pang'ono pomwe, koma ziwiri ndiye bwino kwambiri, mudzaona chifukwa chake pokopa madiski.

Manje chotsani chivundikiro, chikokereni mmwamba kumbuyo mpaka timabatani tiwiri timasuke ndiye muchisolole. Musanagwire khadi khudzani kaye bokosi lachitsulo la pawa sapulai lili kumanzere kuja kuti magetsi a m'thupi achoke, makamaka mu June ndi July kukauma mutavala juzi, kanthetche kamene simungakamve nkomwe kamapha chipu. Khadi igwireni m'mbali, tizala tagolide ta m'munsi musatikhudze, mafuta a m'manja amapangitsa kuti isagwire bwino. Pakhadipo pali timasichi tinayi ting'onoting'ono, tonse tikhale pa OFF ndipo mutisiye choncho.

Kumbuyo kwa bodi kuli masiloti 8 olowetsamo makhadi, amawerengedwa kuyambira 0 kumanzere pafupi ndi pawa sapulai mpaka 7 kumanja. Apa ndi pamene anthu ambiri amasokoneza chifukwa khadi imalowa bwinobwino mu siloti iliyonse koma CP/M imayembekeza chinthu chilichonse pamalo ake. Siloti 0 ndi ya Language Card, khadi yowonjezera memore, SoftCard musayike m'menemo. Siloti 1 ndi ya purinta, 3 ndi ya khadi ya zilembo 80 pamzere monga Videoterm ya Videx, 6 ndi ya khadi ya madraivu A ndi B ndipo imeneyo iyenera kukhalapo zivute zitani. SoftCard ikani mu 4, ngati mu 4 muli kale china mu 7 mulinso bwino. Mbali ya machipu iyang'ane kumanja, kufulatira pawa sapulai. Kankhani molunjika pansi, mungayigwedeze pang'ono kutsogolo ndi kumbuyo mpaka ikhale, koma osayipinda cham'mbali. Ngati muli ndi Apple IIe ya 1983 siloti 0 mulibe ndipo memore ndi 64K kale, zina zonse ndi chimodzimodzi. Apple IIc ilibe masiloti konse, khadi imeneyi si yanu.

Bwezerani chivundikiro, lowetsani diski ya CP/M mu draivu yoyamba lebulo ili mmwamba, tsekani kachitseko, yatsani. Onetsetsani kuti mwatenga diski yogwirizana ndi khadi yanu ya draivu, kuli ya masekita (tizigawo ta pa diski) 13 ya DOS 3.2 ndi ya masekita 16 ya DOS 3.3, DOS ndiyo pulogalamu ya Apple yoyendetsa madiski, mukasemphanitsa draivu izingozungulira chabe kagetsi kofiira kali kuyaka osaonetsa kanthu. Pa Apple II Plus diski imayamba yokha mukayatsa, ngati muli kale mu BASIC, chilankhulo cholembera mapulogalamu cha m'makinamo, lembani PR#6 nkudina RETURN. Zikayenda muona dzina la CP/M pamwamba ndi chizindikiro cha A> chikudikira inu. Lembani DIR muone mafayilo, mupezamo MBASIC, PIP yokopera mafayilo, STAT yoonera malo otsala, FORMAT, COPY ndi ena.

Musayambe kusewera ndi diski yoyambirira. Tsekani kampata kam'mbali mwake ndi kasitika kuti isalembeke, tengani diski yatsopano muikonze ndi FORMAT, ndiye mukope ndi COPY B:=A: kumbukirani kuti kopita kumalembedwa poyamba, kochokera pambuyo, PIP nayo ndi momwemo. Wa draivu imodzi akonzekere kutulutsa ndi kulowetsa madiski mosinthana kangapo ndithu mpaka dzanja litope. Yoyambirira ibwezereni mu envulopu yake, kutali ndi sipika, maginito komanso dzuwa la pawindo.

Ngati muli ndi Language Card ya 16K mu siloti 0 yendetsani CPM56 pa diski yokopa ija, CP/M ikwera kuchoka pa 44K kufika pa 56K. Ine ndingati musazengereze pa ichi, mapulogalamu akuluakulu pa 44K amapanikizika. Chimodzimodzi khadi ya zilembo 80, Apple II payokha imaonetsa zilembo 40 pamzere ndipo zonse zazikulu, WordStar mungayivutikire zedi popanda khadi imeneyo.

Lamulo limene muyenera kulizolowera ndi ili, mukasintha diski mu draivu dinani CTRL ndi C pamodzi muli pa A> musanalembe chilichonse. CP/M imasunga chithunzi cha diski imene inalimo, ikaona kuti yasintha popanda kuuzidwa imakana kulemba nkuonetsa Bdos Err On B: R/O, ndipo ngati munali mkati mwa ntchito yosasunga ndiye yapita. Malaiti akamathimathima sungani ntchito pafupipafupi, ndipo osazimitsa kapena kutsegula kachitseko kagetsi ka draivu kakali kofiira.

Madiski a CP/M ndi a Apple DOS samawerengana ngakhale amalowa mu draivu imodzi, kuti mutenge fayilo ya DOS kupita ku CP/M pali pulogalamu ya APDOS. Mukafuna kubwerera ku magemu ndi mapulogalamu anu akale a Apple khadi musayizule, ingozimitsani, ikani diski ya DOS, yatsaninso, 6502 itenga ulamuliro ndipo Z80 ikhala phee mu siloti yake.