Kuthetsa fungo la thanki ya chimbudzi m'galimoto yogonamo

Galimoto yogonamo, yokhala ndi chimbudzi, bafa ndi sinki, ikayamba kununkha mkati, ambiri amathamangira mankhwala onunkhiritsa. Fungo limabisala tsiku limodzi, mawa labwerera. Thanki ya chimbudzi imanunkha nthawi zonse, koma mpweya wake unayenera kutulukira pa paipi ya padenga. Ukamamveka mkati ndiye kuti wapeza njira ina, ndipo njirayo ndiyo muyenera kuifufuza.

Yambani ndi mbale ya chimbudzi. Thiranimo makapu awiri a madzi, musagujumule, dikirani ola limodzi. Madzi akatsika okha, labala yotseka pansi pa mbaleyo yauma kapena yagwira zinyalala. Valani magolovesi, ipukuteni bwino mozungulira, muipake girisi ya silicone. Vaseline ayi, chifukwa imafufumitsa labala. Ngati yang'ambika, musavutike nayo, gulani ina yogwirizana ndi mtundu wa chimbudzi chanu, kaya ndi Thetford kaya Dometic.

Kenako suzumirani pansi pa sinki. Paipi yopindika imene ili pamenepo imasunga madzi ochepa amene amatseka mpweya wochokera mu thanki ya madzi otsukira. Galimoto ikakhala masabata osayenda madziwo amauma, ndipo pa msewu wamabampu monga wopita ku Nyika amakhuthuka. Theka la lita musinki ndi theka lina m'bafa ndi lokwanira kutseka. Thanki ya madzi otsukirayi anthu amaiderera, chonsecho mafuta, zotsala za nsima ndi madzi otsukira usipa zikaolera mmenemo, fungo lake limakhala ngati la mazira ovunda, nthawi zina kuposa la chimbudzi. Galimoto zina zili ndi kavalavu kolowetsa mpweya pansi pa sinki pomwepo. Kakatha ntchito, kabati yonse imanunkha. N'komasula ndi dzanja, choncho kusintha sikuvuta.

Paipi ya padenga ndiyo imatsekeka kawirikawiri kwa amene amaimika galimoto pansi pa mitengo: masamba a paini amadzazamo, mavu nawo amamangamo. Chotsani chivindikiro, lowetsanimo paipi ya madzi, mutsegule pang'ono. Madzi akabwerera m'mwamba, pali chotsekereza. Pitirizani kuthira mpaka mumve akugwera mu thanki. Ndipo musamagujumule fani ya m'bafa ikuzungulira, chifukwa imakoka mpweya wa mu thanki n'kuulowetsa mkati.

Zonsezi zikakhala bwino koma fungo lilipobe, vuto ndi zonyansa zouma zimene zamatirira mkati. Izi zimachitika mukasiya valavu yotayira ili yotsegula: madzi amathawa, zolimba zimatsala n'kuunjikana pansi pa chimbudzi penipeni. Tayani zonse, tsekani valavu, dzazani madzi mpaka theka la thanki, muthiremo kapu imodzi ya sopo waufa wosungunula m'madzi ofunda. Kenako yendani. Makhotakhota a msewu wotsikira ku Nkhata Bay amakhutchumula thanki kuposa mmene dzanja lingachitire. Madziwo agonemo usiku umodzi, m'mawa mutaye, mutsukuluze kangapo mpaka otuluka ayere. Nthawi zonse yambani kutaya za m'chimbudzi, madzi a musinki pambuyo, kuti sopo wake atsuke paipi yotayira.

Mankhwala enieni a thanki ndi madzi. Mukamaliza kutaya, thiranimo malita 10 mpaka 15 musanayambenso kugwiritsa ntchito chimbudzi. Ngati chanu n'chija cha kathanki kosolola, malita awiri akwana. Musataye thanki isanafike pa magawo awiri mwa atatu, popeza kulemera kwa madziwo ndiko kumakankha zolimba. Tishu muyeseni kaye: ikani zidutswa ziwiri m'botolo la madzi, khutchumulani pang'ono. Akapanda kuphwanyika, azitayidwa m'bini. Nyuzipepala ndi matewera zisalowemo n'komwe.

Kuzizira kwa kuno ku Mzuzu kumanyenga. Thanki imene yakhala chete sabata yathunthu mu Juni imayamba kununkha m'masiku awiri okha mukatsika Chiweta kupita ku Karonga mu Okutobala, chifukwa kutentha kumafulumizitsa kuola. Kunyanja tayani pafupipafupi, koma muziyamba mwawonjezera madzi kuti thanki ifike pa magawo awiri mwa atatu aja.

Jiki musamuthire mu thanki ya chimbudzi. Amaumitsa malabala, amapha tizilombo tothandiza kuoletsa zonyansa, ndipo akasakanikirana ndi mkodzo kapena mankhwala ena amatulutsa mpweya woopsa m'kachipinda kopanikizika ngati kameneka. Mankhwala a enzyme, amene amathandiza kuphwanya zonyansa, ndiwo abwino, ndipo savulaza septic tank ya kumene mukataye; tsatirani muyezo wolembedwa pa botolo. Potaya, pemphani eni loji kapena malo ogona akulozereni chimbudzi kapena septic tank yawo. Mu ngalande, mu mtsinje wa Lunyangwa kapena m'nyanja ayi: anthu amamwa madzi omwewo, ndipo kolera imafala motero.