Momwe mungapezere ndi kuyatsira chotenthetsa magalasi a m'mbali pa galimoto

Amene anayendetsapo galimoto m'mamawa wa mwezi wa June pa msewu wa ku Chikangawa, kapena pa nthawi ya chiperoni ku Thyolo, akudziwa momwe magalasi a m'mbali amachitira mame mpaka woyendetsa osaona lole imene ikubwera kumbuyo. Ambiri amatsitsa windo n'kumapukuta ndi dzanja galimoto ikuyenda, zomwe n'zoopsa kwambiri, pamene mwina galimotoyo ili ndi chotenthetsa magalasi chimene sanachiyatsepo chiigulire.

Choyamba, tsimikizani kuti galimoto yanu ili nacho. Si galimoto zonse zochokera ku Japan zimene zimakhala nacho, ndipo kawirikawiri chimapezeka pa zimene zinakonzedwera madera ozizira kwambiri monga Hokkaido. Yang'anitsitsani pakona ya galasilo, chifukwa makampani ena amadindapo kachizindikiro ka mizere yokhotakhota yoimira kutentha.

Kenako fufuzani batani lake, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amasochera, chifukwa amafuna batani lojambulidwa galasi la m'mbali koma osalipeza. Pa galimoto zambiri za Toyota, Honda, Nissan, Mazda ndi Subaru, chotenthetsachi chimayaka limodzi ndi chochotsa mame pa galasi lalikulu lakumbuyo. Batani lake limakhala pafupi ndi mabatani a mpweya wotentha ndi wozizira, ndipo limajambulidwa kabokosi ka makona anayi kodutsidwa ndi mivi itatu yokhotakhota yoloza m'mwamba. Musalisokoneze ndi la galasi lakutsogolo, limene chithunzi chake n'chopindika pamwamba. Pa Volkswagen n'zosiyana: kogwirira kamene mumasinthira magalasi, pa chitseko cha woyendetsa, mumakapotoza kufika pa chizindikiro cha kutentha, ndipo pa zambiri mwa galimotozi chimangogwira ntchito kunja kukazizira kutsika pa madigiri 20. Galimoto zambiri za BMW zilibe batani n'komwe, chifukwa zimatenthetsa zokha kunja kukazizira.

Lizani injini musanadine batanilo, popeza chotenthetsa chimadya magetsi ndipo batire lotopa silichedwa kutha. Mukadina, kanyale ka pa batanilo kamayaka. Dikirani mphindi zingapo musananyamuke, ndipo mudzaona mamewo akuyamba kuuma. Pa Toyota zambiri chimazima chokha pakatha mphindi pafupifupi 15, choncho ngati chifunga chikadalipo mudinenso. Galasilo limatha kutentha kwambiri, kotero musalole mwana kuligwira chotenthetsa chikayaka, ndiponso musalithire madzi otentha pofuna kufulumira, chifukwa likhoza kusweka.

Ngati kanyale kayaka koma galasi silikuuma, yesani kuwazapo timadzi pang'ono mbali zonse ziwiri n'kuona ngati mbali ina ikuuma msanga. Mbali zonse zikakhala kuti sizikugwira ntchito, yambani ndi kuona fyuzi malinga ndi buku la galimotoyo. Koma ngati ndi mbali imodzi yokha, funsani ngati galasilo linasinthidwapo. Galasi likasweka, ambiri amangodulitsa lina wamba n'kumata, ndipo mawaya awiri a chotenthetsa amangotsala ali lende kumbuyo kwake. Mukapita kwa makaniko, muuzeni mosapita m'mbali kuti mukufuna galasi lokhala ndi polumikizira mawaya awiriwo, ndipo muliyese batanilo muli pomwepo musanalipire.