Kupereka chida pa chesi: werengani kaye musanagwire bishopu

Osewera ambiri amene anaphunzirira chesi pamasewera ocheza, kaya pa boma pano kapena ku Monkey Bay, amakonda kuponya bishopu pamaso pa mfumu ya mnzawo n'kumadikira kuona zomwe zichitike. Pocheza zimatheka ndithu, poti mnzanuyo amayankha mothamanga. Koma pampikisano wa nthawi yaitali, monga wa mphindi 90 ndi masekondi 30 owonjezera pa sitepe iliyonse, munthu amakhala phee n'kufufuza yankho mpaka kulipeza. Choncho nsembe ya pampikisano, kutanthauza kupereka chida dala kuti mupeze china choposa, iyenera kuchokera m'kuwerenga, osati m'kutentha kwa mtima.

Yambani ndi mtengo wa zida: poni ndi 1, hatchi 3, bishopu 3, ruku 5, kwini 9. Mukapereka bishopu n'kudya poni imodzi, mwatsalira ndi 2, ndipo ngongole imeneyi muyenera kudziwa kuti ibwera bwanji. Rudolf Spielmann wa ku Austria anagawa nsembe m'magulu awiri m'chaka cha 1935. Ina ndi yongobwereketsa: mwawerenga mpaka kumapeto ndipo mukuona meti kapena chida chanu chikubwerera. Ina ndi yeniyeni: mapeto sakuoneka, mukungodalira kuti mfumu ya mdani ili pamtetete ndipo zida zake zili kutali. Amene akuyamba kumene mipikisano akhazikike pa yoyambayo.

Musanaganize n'komwe zopereka kanthu, werengani zida zanu zimene zingafike pafupi ndi mfumu ya mdani m'masitepe awiri, kenaka muwerenge zake zimene zingabwerere kudzaiteteza m'nthawi yomweyo. Zanu zipose zake ndi ziwiri. Ruku imene idakali pa a1 ndi hatchi imene sinachoke pa b1 musaziwerengere. Apa m'pamene ambiri amadzinamiza, amaona zida zambiri pabolodi pomwe zomenya nkhondo ndi ziwiri zokha.

Nsembe yoyenera kuidziwa ngati dzina lanu ndi ya bishopu pa h7, imene Gioachino Greco wa ku Italy anailemba kale cha m'ma 1620. Yalani bolodi chonchi. Woyera akhale ndi bishopu pa d3 ndi pa c1, hatchi pa f3, kwini pa d1 ndi poni pa e5. Wakuda wabisa mfumu pa g8, ruku ili pa f8, kwini pa d8, hatchi pa d7, maponi pa e6, f7, g7 ndi h7. M'kalembedwe, K ndi mfumu, Q kwini, R ruku, B bishopu, N hatchi, x kudya, + cheki. Woyera amasewera 1.Bxh7+ Kxh7 2.Ng5+, ndipo apa, kupatula h8 pomwe 3.Qh5+ Kg8 4.Qh7 ndi meti, mfumu ili ndi njira zitatu zimene muyenera kuziwerenga zonse musanagwire bishopu uja.

Ikabwerera pa g8, zimayenda motere: 3.Qh5 Re8 4.Qxf7+ Kh8 5.Qh5+ Kg8 6.Qh7+ Kf8 7.Qh8+ Ke7 8.Qxg7, meti. Taonani chifukwa chake kwini inayamba yadya f7 isanapite pa h7: poni ija ikanakhalapo, cheki yomaliza ya pa g7 sikanafika pa mfumu. Onaninso kuti mfumu ikulephera kuthawira pa d6 chifukwa cha poni ya pa e5. Ikapita pa h6, hatchi imadya pa e6, bishopu wa pa c1 n'kupereka cheki, ndipo kwini ya pa d8 yapita. Njira yovuta ndi ya pa g6. Pamenepo palibe meti yapafupi. Woyera amayesa Qg4 poopseza kuchotsa hatchi ndi cheki, kapena h4 kuti atsatize h5 ndi cheki, ndipo wakuda kawirikawiri amadziteteza ndi f5. Nthawi yanu yambiri ithere panjira imeneyi, chifukwa mdani wodziwa adzasankha yomweyi.

Tsono nazi zimene zimaiphetsa nsembe imeneyi. Ngati njira ya bishopu wa pa c1 yatsekeka, mwina ndi hatchi yanu pa d2 kapena poni pa e3, kwini yakuda imangodya hatchi pa g5 kwaulere, basi masewera atha. Ngati wakuda alibe poni pa e6 ndipo hatchi yake yachoka pa d7, bishopu wake wa pa c8 amalumphira pa f5 n'kuteteza h7. Ngati mulibe poni pa e5, hatchi yake imakhala pa f6 n'kutseka zonse. Ngati ali ndi bishopu pa e7, amadya hatchi yanu pa g5, pokhapokha mutakhala ndi poni pa h4 ndi ruku pa h1, kuti mudye ndi poniyo mzere wa h n'kutseguka. Zinthu zinayi muziziyang'ana nthawi zonse, chimodzichimodzi. Msodzi wa kampango saponya usipa m'madzi asanaone kuti mbedza yamangika bwino pachingwe.

Powerenga, yambani ndi macheki, kenaka zodya, kenaka zoopseza, ndipo muchite chimodzimodzi kumbali ya mdani pa sitepe iliyonse. Mafunso awiri amaiwalika kwambiri. Loyamba: kodi akakana kudya, chichitike n'chiyani? Pa chesi kudya sikokakamiza ngati pa dirafuti, ndipo amene anachokera ku dirafuti amagwa pamenepa kawirikawiri. Lachiwiri: kodi ali ndi cheki yapakati imene ingasokoneze mndandanda wanu? Mfumu yanu ikakhala pa g1 kuseri kwa maponi atatu osasuntha, ruku imodzi ya mdani pa mzere woyamba ikhoza kukumetani inu muli pakati poukira.

Sikuti nsembe iliyonse imafuna meti. Mu Sicilian, kayambidwe ka masewera ka 1.e4 c5, wakuda amakonda kupereka ruku pa c3 n'kudya hatchi, makamaka woyera akabisa mfumu kumbali ya kwini. Wataya 5 n'kupeza 3, koma maponi oteteza mfumu aphwasuka, ndipo poni ya pa e4 yatsala yopanda mtetezi. Tigran Petrosian, amene anali katswiri wa dziko lonse kuyambira 1963 mpaka 1969, ankapereka ruku motere ngakhale podziteteza. Mikhail Tal wa ku Riga, amene analanda ukatswiri kwa Botvinnik mu 1960, ndiye amatchuka ndi nsembe zosaoneka mapeto, koma achinyamata azikumbukira kuti iye ankawerenga mozama komanso mwachangu kuposa anzake ambiri. Kutengera kulimba mtima kwake popanda kuwerenga kwakeko n'kungotaya zida.

Mukapereka chida, malamulo a masewera anu asintha. Musalole kusinthana makwini, chifukwa kwini ikachoka kuukira kwatha koma ngongole ilipobe. Macheki akatha, musapitirize kuthamangitsa mfumu ndi zida ziwiri zomwezo, bweretsani chachitatu, kawirikawiri ruku kudzera pa e3 kupita pa g3 kapena h3. Mukaona kuti meti kulibe koma cheki yosatha ilipo, itengeni. Theka la pointi pampikisano wa Swiss, momwe osewera a mapointi ofanana amakumanitsidwa, limasintha amene mukumane naye mawa.

Za wotchi: nsembe ndi malo oyenera kutherapo mphindi 10 kapena 15. Mukatsala ndi zosakwana 5, perekani pokhapokha sitepe iliyonse ili cheki ndipo mapeto mukuwaona. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kwa kunyanja kuno kumatopetsa mutu msanga, makamaka masewera a masana, choncho khalani ndi botolo la madzi pambali, ndipo mzere umene mwawerenga muubwereze kachiwiri manja ali pamiyendo. Malamulo a FIDE, bungwe loyendetsa chesi padziko lonse, ndi omveka: chida chimene mwachigwira dala muyenera kuchisuntha, ndipo sitepe imalembedwa papepala mutaisewera kale.

Pokonzekera kunyumba, yalani malo a Greco aja ndi mnzanu, musinthe chinthu chimodzi chokha, monga kuchotsa poni ya e6 kapena kuika hatchi pa d2, aliyense anene ngati nsembe ikugwira, kenaka musewere mbali zonse ziwiri. Mukatero muyalenso masewera a Lasker ndi Bauer a ku Amsterdam mu 1889, pomwe Lasker anapereka mabishopu onse awiri, pa h7 ndi pa g7, ndipo muime pa sitepe ya 15 n'kuyesa kupeza nokha zotsatira musanaziyang'ane.