Mbande za mitengo ya m'tchire zimafuna mthunzi

Alimi anzanga kuno ku Kasungu, ambiri mwayamba kusamalira mitengo yophukira yokha m'minda ndi m'nkhalango za m'mudzi. Ntchitoyi ndi yabwino, koma mbande zambiri zikutifera chifukwa tikuzisiya pamtetete.

M'dzuwa muli cheza china chosaoneka ndi maso, chotchedwa UV. Kumwamba kuli mpweya wa ozoni womwe umachisefa. Mu 1985 akatswiri analengeza kuti ozoni wapyapyala kwambiri pamwamba pa Antarctica, dera la madzi oundana la kum'mwera kwenikweni kwa dziko lapansi, ndipo mu 1987 mayiko anasaina pangano la Montreal loletsa mankhwala omuwononga. Methyl bromide uja tinkathira m'nazale za fodya anadzalowanso m'gulu lomwelo. Ozoni akubwerera pang'onopang'ono, koma kwathu kuno chezachi n'champhamvu kale, poti dzuwa limadutsa paliwombo ndipo dera lathu ndi lokwera. Mu Okutobala ndi Novembala, kumwamba kukakhala kopanda mitambo, m'pamene chimanyanya.

Chikachuluka, chimawononga mkati mwa tsamba momwe chomera chimapangira chakudya. Masamba amatuluka aang'ono ndi okhuthala, mtengo n'kupinimbira. Mukawonjezapo kutentha ndi kuuma kwa nthaka, kambande sikapirira.

Mitengo yathu ili ndi nzeru zake. Taonani mitengo ya mombo ndi tsamba mu Seputembala, mvula isanagwe: masamba anthete amatuluka ofiira psuu. Utoto umenewo umathandiza kutchinga dzuwa mpaka tsamba litakhwima n'kubiriwira. Koma kambande ka msuku kamamera pansi pa mayi ake, m'zinyalala za masamba, dzuwa likukafika losefeka. Tikagwetsa mitengo yonse ikuluikulu, kaya ya makala kaya yomangira zigafa, ana ake timawavula.

Ndiye potsegula munda kapena podula milimo, siyaniko mitengo ina ikuluikulu apo ndi apo. Udzu wozungulira kambande musaupalire mpaka dothi kuyera, ingoufupikitsani n'kuphimbira patsinde. Moto wa mu Okutobala ndiye woipitsitsa, umapsereza mthunzi wonse nthawi yomwe dzuwa lafika pachimake. Lambulani njira zotchinga moto udzu usanaumitsitse.

Kunazale mangani kachisakasa ka udzu wopyapyala, kofika m'chiuno. Njere za masuku fesani zikadali zaziwisi, sizichedwa kufa, ndipo m'machubu sakanizanimo dothi la pansi pa msuku. Kukatsala masabata awiri kapena atatu kuti muwokere, yambani kupatulako udzu wa padenga pang'onopang'ono kuti mbande zizolowere dzuwa. Wokerani madzulo kapena tsiku la mitambo, mvula itakhazikika, ndipo kumbali kwa kambande kalikonse zikaniko kanthambi ka masamba kuti kakatchinge masana.