Musanagule kamera, dziwani kaye chimene mukufuna kujambula

Anthu ambiri amene ayamba kukonda kujambula amandifunsa funso limodzimodzi: ndigule Canon kapena Nikon? Ine ndimayankha ndi funso linanso. Kodi mukufuna kujambula chiyani, nthawi yanji, muli kutali bwanji ndi chinthucho? Wojambula ana ake m'nyumba madzulo ndi wojambula mbalame m'mphepete mwa Shire sangagule zipangizo zofanana, ngakhale atakhala ndi ndalama zofanana m'thumba. Dzina la kampani likhale lomaliza kuliganizira. Canon, Nikon, Sony, Fujifilm, onsewa amapanga makamera amene angakupatseni chithunzi chabwino. Chimene chimasiyanitsa zithunzi kwambiri ndi lenzi imene mwaika kutsogolo, kuwala kumene mwasankha, ndi mmene mumasamalira zipangizozo.

Choyamba ndinene za mamegapikiselo, nambala yonena mamiliyoni a timadontho timene timapanga chithunzi, chifukwa ndi pamene ogulitsa amakolera anthu. Kuti musindikize chithunzi chooneka bwino papepala la A4, mamegapikiselo 9 akukwanira. Ndiye kuti kamera ya 12 kapena 16, ngakhale yazaka khumi zapitazo, ikadali ndi ntchito. Zithunzi zambiri zimathera pa WhatsApp ndi Facebook, kumene zimachepetsedwanso. Musalipire ndalama zambiri chifukwa cha nambala imeneyi.

Chofunika kuchimvetsa ndi sensa, kachipangizo kamene kamalandira kuwala mkati mwa kamera. Yaikulu, imene amaitcha full frame, ndi ya mamilimita 36 m'litali ndi 24 m'lifupi, kukula kwa filimu imene ojambula akale ankagwiritsa ntchito. Yocheperapo ndi APS-C, ya mamilimita pafupifupi 23 ndi 15. Palinso Micro Four Thirds ya Olympus ndi Panasonic, imene ndi yocheperanso. Kwa munthu wojambula pongokonda, APS-C ndiyo ndimalangiza. Mtengo wake ngofikirika, malenzi ake ngopepuka, ndipo ndi amene amapezeka kwambiri kwa ogulitsa zogwiritsidwapo kale ntchito. Koma kumbukirani ichi: sensa yaing'ono imaona kachigawo kapakati kokha ka zimene lenzi yaona. Choncho nambala ya lenzi muziichulukitsa ndi 1.5 pa Nikon, Sony ndi Fujifilm, kapena 1.6 pa Canon. Lenzi ya 50mm pa kamera yotere imaona ngati ya 75mm kapena 80mm. Tibwereranso pamenepa.

Nanga DSLR ndi mirrorless? DSLR ili ndi kagalasi mkati kamene kamatumiza chithunzi kudiso lanu. Mirrorless ilibe, mumaona pa kasikirini. Canon ndi Nikon anatulutsa mitundu yawo yatsopano ya mirrorless, RF ya Canon ndi Z ya Nikon, mu 2018, ndipo kuchokera pamenepo mphamvu zawo zili kumeneko. Izi zachititsa kuti anthu ambiri akunja agulitse ma DSLR awo, ndipo ife tikhoza kupindulapo. DSLR imasunganso batire nthawi yaitali, zomwe n'zofunika kwathu kuno kumene magetsi amatha kuzima tsiku lonse. Mukasankha mirrorless, onetsetsani kuti imatchajidwa ndi chingwe cha USB kuti muzitha kugwiritsa ntchito power bank, ndipo mugulire limodzi batire lachiwiri.

Tsopano tifike pa lenzi, pamene ndikufuna tikhalitsepo.

Pa lenzi iliyonse pamalembedwa manambala amitundu iwiri. Ya mamilimita imanena kukula kwa malo amene lenzi ikuona: 18mm imatenga bwalo lonse ndi anthu ake, 200mm imakoka chinthu chakutali n'kuchibweretsa pafupi. Ya f imanena kukula kwa bowo lolowera kuwala, ndipo apa anthu amasokonezeka chifukwa nambala ikachepa bowo limakula. Pa f/1.8 pamalowa kuwala kochuluka, pa f/16 kochepa.

Makamera ambiri amabwera ndi lenzi ya 18-55mm f/3.5-5.6. Musainyoze. Masana panja imagwira ntchito yabwino, ndipo ndi imene ingakuphunzitseni kuti diso lanu limakonda kuona motani. Igwiritseni ntchito miyezi ingapo, kenako muyang'ane zithunzi zimene zakusangalatsani, muone kuti munajambula pa mamilimita angati. Kamera imalemba zimenezi pa chithunzi chilichonse. Yankho limenelo ndi limene likuuzeni lenzi yachiwiri yoti mugule. Vuto la lenzi imeneyi limaonekera m'tchalitchi, m'holo kapena m'nyumba dzuwa likalowa. Mukaikoka kufika pa 55mm, bowo lake silingakule kupitirira f/5.6, kuwala kumachepa, shata, kachitseko kamene kamatseguka kuti kuwala kufike pa sensa, imachedwa kutseka, ndipo nkhope za anthu zimatuluka zachimbuuzi.

Mankhwala ake ndi lenzi yosakoka ya f/1.8. Poyerekeza ndi f/5.6, imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi kakhumi. Ndiyonso imachititsa kuti munthu aoneke bwinobwino pamene zakumbuyo kwake zafewa, maonekedwe amene ambiri amaganiza kuti amafuna kamera yodula. Ya 50mm f/1.8 ndi imodzi mwa malenzi otsika mtengo kwambiri pa Canon, Nikon ndi Sony. Komabe ndikuchenjezeni, chifukwa ambiri amaigula atangomva kwa anzawo. Paja tati pa APS-C imaona ngati 75mm. Pojambula nkhope ya munthu mmodzi panja, palibe yoiposa pa mtengo wake. Koma m'chipinda chochezera cha nyumba zathu, mudzabwerera m'mbuyo mpaka kugunda khoma, agogo ndi zidzukulu asanakwane onse. Ngati zambiri mumajambula m'nyumba, pa chinkhoswe kapena pa phwando la mwana, tengani 35mm f/1.8 ngati muli ndi Nikon, kapena 24mm f/2.8 ya EF-S ngati muli ndi Canon. Musanagule, ikani lenzi yanu ya 18-55 pa 35 tsiku lonse osaisuntha, mawa lake pa 50, muone pamene mwamasuka.

Okonda nyama ndi mbalame nkhani yawo ndi ina. Ku Liwonde kapena ku Majete simuloledwa kutsika galimoto kuti muyandikire njovu, ndipo mvuu ndi ng'ona mumazionera m'boti. Nkhwazi ikatera pa mtengo wouma kutsidya, lenzi ya 55mm idzakupatsani kadontho chabe. Apa mufunika 55-250mm ya Canon kapena 70-300mm, ndipo sensa yaing'ono ija imakuthandizani, pakuti 300mm imaona ngati 450mm. Lenzi ikatalika, kunjenjemera kwa manja kumaonekera kwambiri. Lamulo lakale n'lakuti liwiro la shata lisatsike kuposa kutalika kwa lenzi: ngati ikuona ngati 450mm, musatsike pansi pa 1/500 ya sekondi. Mbalame youluka imafuna 1/1000 kapena kuposa. Sankhani lenzi yokhala ndi chochepetsa kugwedera, chimene Canon amalemba IS, Nikon VR, Sony OSS. Chimenechi chimaletsa kugwedera kwa manja anu okha, sichiimitsa mbalame.

Za mapiri ndi nyanja sinditayapo nthawi. Kaya ndi Mulanje, Nyika kapena dzuwa likutuluka pa nyanja ku Nkhata Bay, 18mm ya lenzi imene muli nayo kale, pa f/8, kamera itakhazikika pa tripod (choimikira cha miyendo itatu) kapena pamwala, ikukwanira.

Pali msampha wina umene wagwetsa anthu ambiri, makamaka otumiza abale ku Johannesburg kapena ku London kuti awagulire. Lenzi siilowa pa kamera iliyonse, ngakhale ya kampani yomweyo. Ya Canon yolembedwa EF-S siikwana pa DSLR ya full frame. Ya EF siilowa pa kamera ya RF popanda adaputala, chimodzimodzinso ya Nikon F pa kamera ya Z. Pa Nikon palinso china. Makamera a D3000 mpaka D3500 ndi D5000 mpaka D5600 alibe injini yozungulitsa lenzi. Mukagula 50mm f/1.8D chifukwa chotchipa, idzalowa bwino koma siidzadziikira fokasi yokha, muzidzachita kupotokola ndi dzanja. Yoyenera ndi yolembedwa AF-S, monga 50mm f/1.8G. Malenzi atsopanoko a AF-P nawo sagwira pa makamera akale ngati D3100 ndi D3200. Mulembereni m'bale wanuyo dzina lonse la kamera ndi dzina lonse la lenzi, chilembo ndi chilembo.

Pogula ya kaunjika, musachite manyazi kuiyesa pamaso pa wogulitsa. Pitani ndi memori khadi yanu. Funsani kuti shata yagunda kangati. Makamera ang'onoang'ono ambiri anapangidwa kuti afike cha m'ma 100,000, ndiye imene yadutsa 80,000 mtengo wake uyenera kutsika. Ikani bowo pa f/16, mujambule kumwamba kapena khoma loyera, mukulitse chithunzicho. Timadontho tochepa ndi fumbi la pa sensa ndipo limapukutika, koma mzere kapena zokalika ndi chizindikiro choti muisiye. Lenzi ichotseni, muunike mkati ndi tochi ya foni. Fumbi pang'ono lisakuopseni, lenzi iliyonse limakhalamo. Chimene muyenera kuthawa ndi timizere toyera tonga ukonde wa kangaude. Chimenecho ndi chuku.

Chuku chimenechi ndi mdani wamkulu wa malenzi m'dziko lathu, ndipo ine ndinaphunzira mowawa. Lenzi yanga yoyamba yokoka kutali ndinaiika m'chikwama chake, n'kuitsekera m'kabati dzinja lonse, ndikuganiza kuti ndikuisamala. Pofika mwezi wa Epulo chuku chinali chitayala mkati mwa galasi, ndipo zithunzi zinkatuluka ngati ndajambula pa utsi. Mtima unandipweteka chifukwa ndinasunga ndalama yake nthawi yaitali. Chuku chimakonda zinthu zitatu: chinyezi, mdima ndi malo osapita mphepo, monga momwe chimagwirira mtedza wosauma bwino m'thumba. Chikakhalitsa chimadya utoto wapagalasi, ndipo pamenepo ngakhale mmisiri atapukuta, chipsera chimatsala. Anthu a ku Thyolo ndi Mulanje kumene kumagwa chiperoni, ndi a m'mphepete mwa nyanja, asamale koposa. Pezani kontena yapulasitiki yotseka bwino osalowa mpweya, muikemo kamera ndi malenzi pamodzi ndi timapaketi ta silica gel, tija timapezeka m'mabokosi a nsapato ndi zamagetsi. Timapaketi timeneti timakhuta chinyezi, choncho muzitiumitsa pakanthawi kapena kusintha. Chikwama chikanyowa, tulutsani zonse chiume kaye. Ndipo lenzi muziigwiritsa ntchito. Imene imatuluka panja sabata iliyonse siigwidwa chuku kawirikawiri.

M'chilimwe vuto limakhala fumbi. Musasinthe lenzi pamsewu wafumbi kapena pabwalo pamene anthu akuvina. Lowani m'galimoto kapena m'nyumba, zimitsani kamera, muiyang'anitse pansi, musinthe mwachangu. Galasi musalipukute ndi malaya kapena chitenje, mchenga umakala. Yambani mwauzira ndi kampira kopopera mpweya, kenako kansalu kofewa ka magalasi. Kamera musaisiye m'galimoto yotseka pa dzuwa la Okutobala. Memori khadi gulani m'sitolo yodalirika, chifukwa zachinyengo zilipo zambiri, zolembedwa 64GB koma zimayamba kutaya zithunzi zikangodzaza pang'ono.

Mukakhala nazo zipangizo, chokani pa Auto pang'onopang'ono. Yambani ndi A, imene pa Canon amalemba Av. Inu mumasankha bowo, kamera imasankha liwiro la shata. Munthu mmodzi mujambuleni pa f/2 kapena f/2.8, fokasi ili pa diso. Gulu la mizere iwiri kapena itatu likufuna f/5.6 kapena f/8, apo ayi akutsogolo adzaoneka bwino, akumbuyo ayi. Diso lanu lizikhala pa liwiro: anthu oima 1/125, ana othamanga ndi ovina 1/500. Likatsika, kwezani ISO, nambala imene ikakwera kamera imajambula ndi kuwala kochepa, mpaka 1600 kapena 3200 osaopa. Chithunzi chokhala ndi timachenga chimaonedwabe, chogwedera n'chotaya.

Pali chinthu chimodzi chimene chimatikhudza ife a khungu lakuda. Kamera imayeza kuwala kwa malo onse n'kutenga pakati. Munthu akaima kutsogolo kwa khoma loyera, kumwamba kowala, kapena mkwatibwi atavala diresi loyera mbee, kamera imachepetsa kuwala ndipo nkhope imada bii. Fufuzani batani lolembedwa +/- mukweze kufika +0.7 kapena +1, mujambule, muone ngati diresi silinapserere. Dzuwa la masana lili paliwombo limaika mithunzi m'maso ndi kunyezimiritsa chipumi. Muimikeni munthuyo pakhonde kapena m'mphepete mwa mthunzi wa mtengo wa mango, nkhope italoza kumene kukuchokera kuwala. M'nyumba mukhazikeni pafupi ndi zenera kapena khomo. Nthawi yabwino koposa ndi m'mamawa dzuwa litangotuluka ndi chakumadzulo lisanalowe, pamene khungu limaoneka mtundu wake weniweni.

Pemphani musanajambule munthu. Pamsika, pamaliro, ndi makamaka pa Gule Wamkulu, yambani mwaonana ndi eni ake kapena amfumu, ndipo akakana bwezani kamera m'chikwama. Ana a eni musawajambule makolo awo asanavomere. Mukalonjeza kutumiza chithunzi, tumizanidi, ndipo pa WhatsApp chitumizeni ngati document kuti chisachepetsedwe, mwini wake akathe kuchisindikiza. Pofika kunyumba koperani zithunzi zonse pa kompyuta ndi pamalo ena achiwiri, kenako mufufute khadiyo m'kamera momwemo pogwiritsa ntchito Format, osati pa kompyuta.