Kudzutsa mawaipa a Lucas mvula isanagwe

Mini, Morris Minor, MGB, Triumph Spitfire ndi Land Rover Series III zimafanana pa chinthu chimodzi: mawaipa ake amayendetsedwa ndi mota imodzi ya Lucas, kampani ya ku Britain ya zamagetsi a galimoto, kudzera m'chingwe chachitsulo choyenda m'paipi. Galimoto zoterezi zimakhala chilimwe chonse mawaipa osakhudzidwa, ndiye ikagwa mvula yoyamba ya Novembala mikono imakwawa ngati bilimankhwe, kapena imaima pakati pa galasi. Mwini wake amathamangira kunena kuti mota yatopa, ena amagula botolo la mankhwala othamangitsa madzi poganiza kuti basi athana nazo. Nthawi zambiri mota ilibe mlandu. Wolakwa ndi girisi wa zaka makumi anayi amene wauma ngati sopo. Mankhwala aja ndi abwino, koma ntchito yawo ndi yothandizira mawaipa amoyo, ndipo amapakidwa pomalizira.

Muyambe mwadziwa mmene zimayendera. Mota imazunguza giya yaikulu, ndipo pa giyayo pali kamkono kamene kamakankha ndi kukoka chingwe chotchedwa rack. Chingwechi chakulungidwa ndi waya wolimba ngati sipiring'i, ndipo mizere ya wayayo ndiyo imagwira ntchito ya mano. Chimadutsa m'timabokosi tiwiri totchedwa wheelbox, pansi pa galasi. Mu kabokosi kalikonse muli kagiya kolumikizana ndi spindle, kachitsulo kaja kotulukira kunja kumene mkono wa waipa umakhalapo. Paliponse pamene pauma, papindika kapena padyeka m'njira imeneyi pamadya mphamvu ya mota, yomwe kale ndi yochepa.

Musanagwire sipanala, nyowetsani galasi ndi madzi, yatsani mawaipa, muone. Kenako kwezani mikono yonse kuti isakhudze galasi. Ikathamanga bwino ili m'mwamba, vuto lili pa labala, pa galasi kapena pa magetsi ofooka. Ikakwawabe, vuto lili mkati. Zimitsani, gwirani nsonga ya mkono n'kuugwedeza pang'ono: ngati ukuseweretseka motalika osamva kulimba, mano a kagiya kapena chingwe zadyeka. Musayese mawaipa pa galasi louma lafumbi; fumbi la chilimwe limakanda galasi ngati sandipepala, ndipo mizere yakeyo imakuthobwani m'maso usiku mukakumana ndi nyale za galimoto ina.

Za labala ndi mkono n'zachidule. Labala amene wapsa ndi dzuwa amalimba, amang'aluka m'mphepete, ndipo palibe chomutsitsimutsa, sinthani. Pogula tengani wakaleyo m'manja, chifukwa mikono yakale imalowa mosiyana: ina ili ndi nsonga yowongoka yotchedwa bayonet, ya mamilimita 5.2, ina ya mamilimita 7, ina ili ndi nsonga yopindika ngati supuni. Musawonjezere utali poganiza kuti mupukuta malo ambiri, mumangolemetsa mota. Waipa ikamadumphadumpha popita mbali imodzi yokha, mkono wapotoka. Imitsani mawaipa pakati pa ulendo wake pozimitsa kiyi, muone ngati labala waima chilili pa galasi. Ngati wapendekera, gwirani mkono ndi mashifiting'i awiri, mutakulunga nsanza kuti musakande, n'kuupotoza pang'onopang'ono mpaka labala aime mowongoka. Sipiring'i ya pansi pa mkono ikatamuka, labala amangoyandama pa madzi; pamenepo pafunika mkono wina. Dontho limodzi la oyilo pa hinji ya mkono limabweza mphamvu imene dzimbiri linaba.

Tsopano ntchito yeniyeni. Matani tepi pa galasi posonyeza pamene malabala amagona akaima. Chotsani waya wa batire. Zulani mikono yonse iwiri pokweza kachitsulo kogwira pansi pake n'kukoka molunjika. Chingwe sichingatuluke mikono ili pomwepo, chifukwa potuluka chimazunguza ma spindle kangapo. Tsegulani chivundikiro chafulati cha pa mota, chotsani kakilipu kogwira kamkono pa giya, ndipo muloweze mmene mawashala akhalira, pamwamba ndi pansi pa kamkonoko. Jambulani ndi foni musanasunthe kanthu.

Chingwe chikamasuka ku giya, chiyeseni musanachitulutse. Kolowekani sikelo ya mbedza, ija yoyezera nyama kapena katundu, pa bowo la kumutu kwa chingwe, n'kukoka mosathamanga. Muyezo wa Lucas ndi wakuti mphamvu yokokera isapitirire mapaundi 6, omwe ndi makilogalamu 2.7. Ikapitirira, mwapeza wakuba wanu. Ikani chizindikiro pamwamba pa mutu wa chingwe ndi pa spindle iliyonse, kenako solorani chingwe chonse. Chimatuluka chakuda bii, girisi atagwirana m'mizere ngati phula louma. Chiviikeni m'palafini, chitsukeni ndi burashi yakale ya mano, chiumitseni, ndipo muchigoneke pa thebulo. Chikakhala ndi pothyoka kapena waya wotukuka, chatha ntchito. Chikakhala chowongoka koma chonyezimira ndi kudyeka mbali imodzi pamalo awiri pamene chimakumana ndi timagiya, chidakali ndi moyo wina.

Apa pali nzeru imene amakaniko akale ankaidziwa bwino. Waipa imangoyenda madigiri pafupifupi 110 kapena 120, choncho kagiya ka mu wheelbox kamadyeka gawo limodzi mwa magawo atatu a mano ake. Enawo ndi atsopano chikhalire. Chingwe chili panja, zunguzani spindle iliyonse theka la mzunguliro, kuti chizindikiro chanu chiloze mbali inayo. Nacho chingwe chitembenuzeni, chizindikiro chiyang'ane pansi. Mukatero mano osadyeka akumana ndi mbali yosadyeka, ndipo kugwedera kuja kumachepa kwambiri popanda kugula kanthu. Nzeruyi imagwira kamodzi kokha. Ngati wina anachita kale, mupeza mbali zonse zadyeka ndipo mufunika zatsopano. Pogula wheelbox werengani mano a yakaleyo, chifukwa ina ili ndi mano 32, ina 40, ndipo yolakwika imachititsa waipa kumenya labala wa m'mphepete mwa galasi kapena kusiya theka losapukuta. N'chimodzimodzi ndi giya yaikulu ya mu mota: madigiri ake anadindidwa pa giyapo, ndipo mota ya galimoto ina ikhoza kukwana bwinobwino koma n'kukhala ndi giya ya madigiri ena.

Spindle iyenera kuzungulira ndi zala ziwiri. Ikalimba, madzi analowa. Thirani oyilo wolowerera, izunguzeni uku ndi uku mpaka imasuke. Ikamagwedera cham'mbali, chubu chake chadyeka. Onaninso kalabala ka pansi pa nati ya kunja ija: kakang'aluka, madzi amatsikira kuseri kwa dashibodi, n'kumadontha pa mawaya ndi pa mawondo a woyendetsa. Mapaipi asakhale ofwanyika kapena opindika mwadzidzidzi. Lucas ankafuna kuti kupinda kulikonse kukhale kotakasuka, kosachepera mainchesi 9 kuchokera pakati pa bwalo lake. Nsonga zotambasuka za mapaipi zikhale bwino m'mipata yake pa wheelbox musanamange manati a kuseri. Imodzi ikakhala mopendekera imatsina chingwe.

Pakani girisi wofewa wa lithium m'mizere yonse ya chingwe, osati wolimba wa ma bearing a matayala. Chilowetseni pang'onopang'ono mochizunguza pang'ono chikafika pa kagiya, musachikakamize, chingathyoke. Kokaninso ndi sikelo muone kusiyana kwake.

Mota iyeseni isanalumikizidwe ku chingwe. Pali mitundu iwiri imene mungakumane nayo kawirikawiri: DR3A, ya thupi la makona, ndi 14W, ya thupi lozungulira, imene inabwera kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Ya 14W yathanzi, yopanda katundu, imadya pafupifupi ampu 1.5 pa liwiro loyamba giya yake ikuzungulira ka 46 mpaka 52 pa mphindi, ndi maampu 2 pa liwiro lachiwiri ikuzungulira ka 60 mpaka 70. DR3A imadya pafupifupi maampu 3. Ikadya mopitirira apo, yamangika penapake: girisi wouma pansi pa giya, kapena sikuluwu yoletsa armature, chitsulo chozungulira cha mkati mwa mota, kusewera yamangidwa kwambiri. Pa 14W kusewerako kukhale pakati pa mamilimita 0.05 ndi 0.2. Maburashi a kaboni a mkati mwa mota akafupika kufika mamilimita 4.8 asinthidwe, ndipo mkuwa umene amakhudza mupukute ndi nsanza ya sipiriti. Potseka 14W gwirizanitsani zizindikiro za pa thupi ndi pa bokosi la giya, chifukwa thupi likatembenuka mota imazungulira chobwerera. Muli maginito amphamvu mkatimo, ndiye musaitsegulire pa benchi pamene pali tizidutswa ta chitsulo.

Magetsi nawo amanamiza anthu. Pa 14W ya maliwiro awiri pali mawaya asanu: wobiriwira ndi wa moto wochokera ku fyuzi, wakuda ndi earth, womangidwa ku bodi ya galimoto, wofiira wa mzere wobiriwira mowala ndi liwiro loyamba, wabuluu wa mzere womwewo ndi lachiwiri, ndipo wabulawuni wa mzere womwewo ndi woimitsira mawaipa pamalo pake. Yezani ma volt pa mota ikugwira ntchito, muyerekeze ndi a pa batire. Akasiyana kuposa volt imodzi, tsukani timitu ta mawaya timene tachita ndere, zogwirira fyuzi ndi pomangira earth. Fyuzi yagalasi ya Lucas yolembedwa 35 imanyamula maampu 17 okha mosalekeza, choncho musaikepo yamakono ya 35. Mawaya angapse fyuzi ili phee. Mawaipa akamaima paliponse mukazimitsa, kaswichi ka pansi pa giya kada kapena kathyoka. Akamaima mbali yolakwika, n'kutheka kuti mota inachokera ku galimoto ya chiwongolero chakumanzere: pa 14W zambiri kapulasitiki ka pansi pa giya kamazulidwa n'kuikidwa mbali inayo, ndipo pa DR3A mumamasula chivundikiro n'kuzunguza kachipewa kozungulira ka pamwamba. Bwezerani mikono mota itaima yokha pamalo pake, motsata tepi ija.

Ford Anglia 100E ndi Prefect zinzake n'zina: mawaipa ake amakokedwa ndi mpweya wa injini, ndiye amafooka mukaponda mafuta pokwera phiri. Pamenepo yambani ndi kapaipi ka labala kochokera ku manifold, paipi yolowetsa mpweya mu injini, kamene kamang'aluka ndi ukalamba.

Mawaipa akadzuka, ndiye nthawi ya mankhwala. Rain-X ndi silikoni wosungunulidwa mu alcohol. Aquapel ndi wa mtundu wina, amakhalitsa miyezi pamene Rain-X amafuna kubwereza pakapita milungu ingapo ya mvula. Onse amachititsa madzi kuundana timadontho m'malo moyala, ndipo mphepo ndiyo imatikankha. Apa ndi pofunika kumvetsa: mphepoyo imayamba kugwira ntchito galimoto ikafika makilomita 60 kapena kuposa pa ola. Mumzinda, mumvula yowaza, mawaipa ndiwo mwini ntchito. Pa galasi loima chilili ngati la Land Rover, madontho sathawa msanga ngati pa galasi logona. Kumene mankhwalawa amapindulitsa kwambiri pa galimoto yakale ndi m'makona amene timalabala tating'ono sitifika, pa magalasi a m'mbali ndi lakumbuyo lopanda waipa.

Chinsinsi chonse chili pa kutsuka. Sambitsani galasi ndi sopo wa mbale, litsukuluzeni, kenako lipukuteni ndi sipiriti kuchotsa mafuta a utsi wa dizilo ndi polishi. Madontho oyera a madzi a pachitsime amachoka ndi viniga wosakaniza theka ndi theka ndi madzi. Yendetsani chala chovala kapepala ka pulasitiki pa galasi: mukamva tokhakhala, pitanipo ndi clay bar, kadongo kochotsera zomatirira, galasi lili lonyowa. Ngati pali pamene mwala unaboola, konzetsani kaye, chifukwa guluu wokonzera galasi sagwira pa silikoni. Galimoto ikhale pamthunzi, galasi lozizira ndi louma gwa. Padzuwa alcohol amauluka musanayale bwino, n'kusiya mabala.

Thirani Rain-X pang'ono pa kansalu kopinda, osati pa galasi, kuti asayenderere pa penti ndi pa labala wakale wa m'mphepete. Pakani mozungulira, mizere ikulowana, theka la galasi kenako theka linalo. Dikirani mphindi zochepa mpaka pachite mbuu, pakaninso kachiwiri, dikiraninso. Kenako wazani timadzi pang'ono n'kupukuta ndi nsalu youma yoyera mpaka mbuu yense atachoka. Yang'anani cham'mbali ndi tochi. Chotsala chilichonse chidzaoneka usiku ngati chifunga chotsatira waipa. Pukutaninso malabala ndi sipiriti musanawagoneke. Waipa ikayamba kudumpha pambuyo popaka, mwachulutsa mankhwala kapena akale ayamba kutha mwa apo ndi apo. Tsukani ndi polishi wa galasi muyambirenso, musamangowonjezera pamwamba.

Rain-X wamba ndi wa galasi lokha, kunja kokha. Mawindo apulasitiki a pa tenti ya MGB kapena Land Rover, ndi a Perspex, amatha kuchita mbuu kapena timing'alu. Alipo mankhwala ena opangira pulasitiki. Mkati mwa galasi mumafuna mankhwala oletsa nthunzi, omwe amagwira ntchito mosiyana. Ndipo ngati galimoto ikupita kukapentedwa posachedwa, dikirani ibwereko, chifukwa kasilikoni kochepa kokha kotsalira pa bodi kamaboola penti watsopano timaenje tonga maso a nsomba.