Kusanja mitundu pa chojambula chosafanizira chinthu

Pa chojambula chopanda munthu, mtengo kapena nyumba, mitundu ndiyo imagwira ntchito yonse, ndipo uliwonse umasintha maonekedwe malinga ndi umene wayandikana nawo. Josef Albers, wojambula komanso mphunzitsi wobadwira ku Germany, ankaphunzitsa zimenezi ndi mapepala amitundumitundu, ndipo mu 1963 anazilemba m'buku lake, Interaction of Color.

Yesani nokha musanatsegule penti. Pa pepala limodzi lotuwa dulanipo tizidutswa tiwiri, masentimita 3 mbali zonse. Kena ikani pa pepala lofiira, kena pa lobiriwira, muyang'anitsitse kwa theka la mphindi. Ka pa lofiira kayamba kuoneka kobiriwirako, kanzake kofiirirako, chonsecho n'tofanana. Maso ndiwo amawonjezera mtundu wotsutsana ndi wozungulirawo.

Mitundu yotsutsana, monga wofiira ndi wobiriwira kapena wabuluu ndi waolenji, imawalitsana ikagundana. Koma musaipatse malo ofanana, imalimbana mpaka maso kutopa. Umodzi utenge malo aakulu, winawo ukhale kadontho chabe.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi apa: kupaka mtundu wotsutsana pamwamba pa woyamba usanaume. Iwiriyo ikasakanikirana imabala mtundu wamatope, wakufa. Dikirani uume, tsukaninso bulashi bwinobwino. Penti ya acrylic, yosungunulira ndi madzi komanso youma msanga, imaderako ikauma, choncho poisakaniza ikhale yowalirapo pang'ono kuposa mmene mukufunira.